Chikho Chokana Kuyenda

Lachisanu lina m'mawa, a Badrul, ngwazi yomaliza ya mpikisano wa galimoto za achinyamata wotchedwa Fomula Selat, ankathira tiyi kuchokera m'mwamba mu lesitilanti yawo ku Kluang, m'dziko la Malaysia, pamene alamu awo a Sapawi, telala wa kuseri kwa msika, analowa atanyamula katoni yopanda kanthu, tepi yoyezera ili m'khosi. Mpikisanowo unafa kalekale a Badrul akadali mnyamata wopyapyala, chikho chake n'kutsalira pa shelefu ya m'lesitilantimo, koma tsopano tauni yonse inali itamva kuti Loweruka la sabata yamawa ukuuka.

"Salamu alaikum, alamu."

"Alaikum salamu. Katoni m'mawa uno? Akupirikitsani kunyumba?"

"Ayi, ndagona komweko. Andituma Mayi Vasanthi, aja akudzutsa mpikisano aja. Ndikuwasokera mbendera."

A Badrul anaika makapu pansi. Uthenga umenewu anaudikira mpaka kugula malaya atsopano, amene anali m'kabati asanavalidwe. Anakweza mawu kuti madalaivala a malole amene ankadya roti, mkate wopyapyala wokazinga pachiwaya, pakona amve.

"Ehe! Akumbukira tsopano. Ati chiyani?"

"Ati, 'Pitani kwa alamu anu mukatitengere ulemerero wa mpikisano wathu.'"

"Mayi wanzeru ameneyo. Ulemererowo ndi uwu mukuuonawu." Anadzisisita pamimba.

"Ati ukakhale kutsogolo, aliyense auone."

"Nanga ungakhale kumbuyo?"

"Patebulo."

"Patebulo la akuluakulu, eya."

"Ayi, pamwamba pa tebulo. Pansalu yofiira. Ndasoka ndine."

"Pamwamba?"

"Atinso ngati wachita dzimbiri kunsi, ndiukweche ndi mandimu ndi phulusa."

"Kunsi kwa ndani?"

"Kenako ndiukulunge m'nyuzipepala, ndiuike m'katonimu, ndiumange kumbuyo kwa njinga yamoto."

A Badrul anayang'ana katoni. Anayang'ana mimba yawo. Kenako anatsatira maso a alamu awo, amene chilowereni sanachoke pa shelefu.

"Chikho?"

"Eya. Inu mumayesa chiyani? Inu simungakwane umu."

"Nanga ine?"

"Inu sanakutchuleni." A Sapawi anakanda m'mutu. "Aa, pepani, ndanama. Anakutchulani. Anati, 'Akavuta muwauze kuti tiwapatsa tikiti.'"

"Ya pamthunzi?"

"Ya padzuwa."

Dalaivala wina anatsamwa ndi roti. A Badrul anakoka mpando n'kuumenyetsa pansi.

"Khalani pansi."

"Ndili bwino chiimire."

"Khalani pansi ndikuphunzitseni mbiri! Mwakalamba mukusoka mathalauza a anthu, mpikisano simuudziwa. Mpikisano umenewu, alamu, unabadwira m'thengo."

"Anaubereka ndani?"

"Mdala Khoo, wa magalaja uja, ndi anzake. Chaka cha 1991, pa bwalo la ndege lakale, pakati pa minda ya kanjedza. Kunalibe mpanda, kunalibe mipando. Makona tinkawazindikira ndi migolo ndi matayala akutha. Ng'azi zinkayenda mumsewu momwemo."

"Zinkamaliza pa nambala chiyani?"

"Zinkangodutsa!"

"Mwati msewuwo unali wa mpikisano."

"Zinkadutsa mopingasa, alamu!"

"Ndiye zinkaba njira."

A Badrul anapuma mozama. Anadziuza kuti munthu wosadziwa safunika ukali, afunika chifundo.

"Galimoto zake zinali zazing'ono, zopepuka, mpando umodzi, zopanda denga, matako ali pafupi kukhula pansi."

"Anali asanamalize kuzipanga?"

"Zimakhala choncho."

"Mvula ikagwa?"

"Umanyowa."

"Mnzako amakhala pati?"

"Palibe mnzako. Uli wekha ndi Mulungu wako."

"Katundu?"

"Katundu wanji pa mpikisano?"

"Ndiye galimoto yodula chonchi inkanyamula munthu mmodzi, wonyowa, wopanda katundu. Yanga njinga imanyamula ine, mayi a kunyumba ndi thumba la mpunga."

"Njinga yanuyo imathamanga ngati nkhono yodwala! Ife tikaponda moto, mitengo inkangooneka ngati chinsalu chobiriwira."

"Munkathamangira kuti?"

"Sitinkapita kwina. Tinkazungulira."

"Mutasochera?"

"Dala! Umazungulira, kuzungulira, kuzungulira, mpaka mbendera."

"Mbenderayo ili kuti?"

"Pamene unayambira."

A Sapawi anaika katoni pamiyendo, n'kuwerama ngati munthu amene akulowetsa ulusi m'singano.

"Tadikirani. Wopambana ndi amene wafika msanga pamene anali kale?"

"Eya. Ayi! Ndiye kuti... eya."

"Bwenzi nditapambana ine. Ndikanangokhala pompo osanyamuka."

"Ndiye chifukwa chake inu muli telala, ine ndili ngwazi!"

"Zoona," anavomera a Sapawi mwaulemu. "Pitirizani."

Apa a Badrul anaimirira, chifukwa chigawo chotsatirachi ankachikonda ndipo sankachikamba atakhala. Anatambasula dzanja, tawulo ili paphewa.

"Posakhalitsa mbiri inawoloka nyanja. Anabwera a ku Thailand, a ku Indonesia, a ku Philippines. Galimoto tinkazikweza pa sitima ngati ng'ombe, ife n'kumagona pambali pake. Mwezi uno Pattaya, mwezi wamawa Java. Anyamata a mayiko anayi, aliyense chilankhulo chake, koma tikamatukwanana pakona tinkamvana bwinobwino. Amene wawala kuno ankapita ku Japan, ku Ulaya. Mpikisano umenewu unali makwerero, alamu. Makwerero!"

"Inu munakwera mpaka pati?"

Dzanja la a Badrul linaima m'malere.

"Mpaka pano."

"Pano ndi pansi, alamu. Pamwambapa ndi pa dokotala wa mano."

"Okwera anali ana a anthu olemera!" anakalipa a Badrul. "Desmond, mdzukulu wa Mdala Khoo, ankaphwanya galimoto Loweruka, pofika Lamlungu bambo ake amubweretsera ina. Mwana woti kona akaiona ankatsinzina! Lero ali pa wailesi ya kanema, akuphunzitsa anthu kuyendetsa. Ine bambo anga anagulitsa munda wa zipatso za durian kuti ndikhale m'kampando kameneko chaka chimodzi chokha."

"Ndikuukumbukira. Zipatso zake zinali zonona."

"Munda wonse, alamu, ndi chitsime chomwe."

"Ndiye munasinthanitsa munda ndi chikho."

"Ndi ulemu!"

"Ulemuwo umabereka mwezi uti?"

A Sapawi sanafunse mwachipongwe. Anafunsa ngati munthu wofuna kudziwa nthawi yodzabwera ndi dengu. Chimenecho ndicho chinawawa. A Badrul anakumbuka bambo awo ataima pa mpanda wa munda umene sunalinso wawo, akuyang'ana anthu ena akutola zipatso, ndipo anayamba kupukuta tebulo loyera kale mwamphamvu.

"Chaka changa chinali 1998," anatero mawu atatsika. "Chaka chovuta kuposa zonse. Ndalama zinagwa."

"Anatola ndani?"

"Zinagwa mphamvu! Ndalama yathu ya ringiti inasanduka tsamba. Makampani anabwera kudzamatula mayina awo pa galimoto. Olemera onse aja anangoti balala. Desmond ndi bambo ake anakadzukira ku Perth. Tinayamba chaka tili chigulu, pofika mpikisano womaliza tinatsala amuna enieni."

"Angati?"

"Amuna enieni sawerengedwa."

"Anali atatu. Ndinalipo. Ndinaperekeza mlongo wanga Salbiah, nthawi ija munkamufunsira ija."

"Chabwino, atatu! Koma atatu ake! Ine, Anuwat wa ku Thailand, ndi mnyamata wa ku Surabaya, chilombo cha munthu."

"Uja galimoto yake inakana kulira uja?"

"Inachita mantha."

"Anaikankha amalume ake, n'kugwa chafufumimba."

"Tinatsala awiri, ine ndi Anuwat. Kumwamba kunang'ambika. Mvula yake, alamu, yoti dzanja lako suliona. Mbendera itangotsika, tinalowa pakona yoyamba phewa ndi phewa. Ndinamuyang'ana m'maso."

"Mwati dzanja lanu simunkaliona."

"Maso a mdani amaoneka! Ndinamuyang'ana, iye n'kuona imfa, n'kupatuka."

"Analowa m'ngalande. Anatuluka ali ndi udzu kumutu."

"Chifukwa cha ine! Kuchokera pamenepo ndinatsogola mpaka kumapeto."

A Sapawi anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Ayi, alamu. Kutsogolo kunali galimoto yoyera, ya magetsi pamwamba. Inali ndi denga, ndi mipando inayi. Ndinaikonda."

"Imeneyo ndi galimoto yachitetezo! Imatuluka kukachitika ngozi, onse n'kumaitsatira pambuyo mpaka msewu utayera."

"Onse ake munali inu."

"Eya."

"Ndiye inapambana."

"Sinali mu mpikisano!"

"Inapambana bwanji isali mu mpikisano?"

"Sinapambane!"

"Koma pa mbendera inayamba kufika ndi iyo. Inu munkabwera pambuyo pake ngati mukuperekeza maliro."

"Lamulo sililola kuipitirira!"

"Ooo." A Sapawi anagwedeza mutu. "Ndiye ndi yokhayo imene simunaipitirire chifukwa cha lamulo. Nanga zimene munazipitirira ndi ziti?"

Pakona paja madalaivala anali atasiya kutafuna. A Badrul anakweza mawu.

"Ndinapitirira mvula! Ndinapitirira mantha! Ndinapitirira umphawi wa dziko lonse la Malaysia!"

"Zimenezo zinalembetsa nawo?"

"Alamu, mwabwera kudzamwa tiyi kapena kudzandidwalitsa?"

"Ndabwera kudzatenga chikho. Mayi Vasanthi ati ndi chikho choyenda. Wopambana amachisunga chaka chimodzi, n'kuchibweza."

"Choyenda? Chili ndi miyendo?"

A Sapawi anaimirira, anapita pa shelefu, anasuzumira kunsi kwa chikho, n'kubwerera.

"Chilibe. Ndiye chifukwa chake ndabwera ndi njinga."

"Tamverani bwino. Chaka chotsatira mpikisano unachitika?"

"Ayi."

"Chinacho?"

"Ayi."

"Alipo amene anandigonjetsa chichokereni tsiku limenelo?"

A Sapawi anaganiza moona mtima.

"Salbiah."

"Pamsewu, alamu!"

"Pamsewu ayi. Paja galimoto amayendetsa ndi iye, inu mumakhala kumbali mutagwira lamba."

"Ndimamupatsa mpata kuti aphunzire! Chimene ndikunena n'chakuti ngwazi imakhala ngwazi mpaka wina ataigonjetsa. Palibe wandigonjetsa. Ine ndine ngwazi yokhalitsa kuposa zonse m'chigawo chino cha dziko. Anawo akufuna chikho? Asatume telala ndi katoni. Kawauzeni kuti wofuna chikho abwere adzandilande pamsewu, chiwongolero kwa chiwongolero!"

Madalaivala anaomba matebulo. A Badrul anaponya tawulo paphewa lina, mtima uli m'malo. Mawu amenewa anali ngati kuopseza galu ali pa unyolo. Mpikisano unali wa ana asukulu, iwo anali bambo wa imvi m'ndevu, ndipo palibe akanawalola ngakhale kukhudza tayala. Atatembenuka anapeza alamu awo foni ili kukhutu.

"Mukuimbira ndani?"

"Mwati ndikawauze."

"Sindinati pompano!"

"Simunatchule tsiku. Halo? Mayi Vasanthi? Ndine Sapawi, wa mbendera. Ayi, sichinalowe m'katoni. Ati chilibe miyendo. Atinso wofuna chikho adzawalande pamsewu, chiwongolero kwa chiwongolero. Eya, eni ake. Eya, ali bwinobwino, sanamwe kanthu, ndi Msilamu."

"Auzeni kuti ndi zachisoni kuti msinkhu wandipitirira," ananong'ona a Badrul. "Apo ayi bwenzi ataona zakuda."

"Ati ndi zachisoni kuti msinkhu wawapitirira. Eya." A Sapawi anamvetsera nthawi yaitali, akugwedeza mutu. Kenako anaphimba foni ndi dzanja, nkhope ili ngwee. "Alamu, nkhani yabwino. Musadandaulenso."

"Asiya chikho?"

"Ayi. Ati lamulo limangoti woyendetsa asachepere zaka khumi ndi zisanu. Inu mumachepera?"

"Nanga malire a kumtunda?"

"Kulibe. Ati sanaganize kuti kungapezeke munthu wamkulu wopanda manyazi."

"Anatero?"

"Anatero, koma akuseka. Akondwa kwambiri. Ati matikiti sakuyenda, anthu sakufuna kukaonera ana osadziwika. Koma ngwazi yakale kulimbana ndi ana, bwalo lidzadzaza. Galimoto akupatsani ulere."

Pakona panabuka mfuwu. Dalaivala wina anali atayamba kale kuimbira anzake. Chiwongolero cha galimoto yothamanga a Badrul anachigwira komaliza tsiku la mvula lija, ndipo masiku ano lole ikawadutsa pamsewu wa ku Batu Pahat ankayamba kutchula mayina a Mulungu.

"Auzeni kuti ndilibe chiphaso," anatero.

"Ati akupezerani. Mungopita kwa dokotala akakumvereni mtima."

"Auzeni kuti Loweruka kuno kumadzaza makasitomala."

"Titseka tonse, abwana!" anakuwa dalaivala wina. "Tikubwera ndi malole!"

"Auzeni kuti zovala zanga za mpikisano zinadyedwa ndi njenjete."

"Zimenezo musavutike kuwauza." A Sapawi anapanikiza foni ndi phewa, n'kusolola tepi m'khosi. "Kwezani manja."

"Mukutani?"

"Ndikuyezani. Imani mowongoka. Musakoke mimba, alamu, mudzafuna kupuma tsikulo."

"Sindikukoka!"

"Mwafiira maso. Tulutsani mpweya." A Badrul anatulutsa, tepi n'kuthawa m'zala za a Sapawi. "Iii! Halo, Mayi? Kampando kaja n'kotambalala bwanji? Ooo. Ayi, alowa, koma adzafunika kuwapaka mafuta. Kutuluka ndiye sindikudziwa."

"Ndipatseni foniyo!"

"Akulankhulabe. Eya, Mayi. Eya." Anatembenukira kwa a Badrul. "Ati bwalo lake si la ng'azi lija. Lija anamangapo nyumba. Ndi lalikulu lija la kufupi ndi Kuala Lumpur. Ati galimoto za masiku ano zikathamanga, zanu zija zimaoneka ngati zaima. Ati zidzaonetsedwa pa kanema mayiko onse anayi, ndipo wofotokoza adzakhala Desmond."

"Desmond!"

"Atinso mwana wamkazi wa Anuwat alipo. Ndiye woopsa pa onsewo. Ati anakula akumva dzina lanu."

"Mwaona? Ngakhale ku Thailand amandilemekeza."

"Ati bambo ake akalitchula amalavula."

A Badrul anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Kumwamba kukuoneka bwanji sabata yamawa? Mvula ilipo?"

"Halo, Mayi, akufunsa ngati galimoto yoyera ija ibwere. Amayenda bwino akamaitsatira."

"Sindinatero!"

"Ati imatuluka pokhapokha wina akachita ngozi. Ati kwa inu aikonzeratu, injini ili chilirire."

Madalaivala anagwa nacho chiseko. A Sapawi anawayang'ana modabwa, osaona choseketsa, n'kugwada kuyeza mwendo. Foni inalankhulanso, iwo n'kumvetsera ali chigwadire.

"Alamu, Mayi Vasanthi ndi munthu wachifundo. Ati ngati mukuopa, palibe mlandu. Mungoika chikho m'katoni, nkhani ithere pompa, tikiti yanu ya padzuwa ikhalepobe."

Khomo lothawira linali lotsegula, a Badrul ankaliona bwinobwino: mawu amodzi okha, n'kupulumuka. Koma maso onse anali pa iwo. Anthu amenewa anamwa tiyi pansi pa chikho chimenecho zaka ndi zaka, akumva za kona yoyamba, akuwatcha Ngwazi ngakhale powadandaulira kuti roti yapserera. Akanachipereka lero, mawa akanakhala chiyani? Bambo wamimba wogulitsa tiyi, amene bambo ake anataya munda.

"Kuopa?" anatero. "Ine?"

"Anati 'ngati'."

"Ine amene ndinayang'ana imfa m'maso pa mvula?"

"Poyamba munati anaona imfa ndi Anuwat."

"Tonse tinaiona!" A Badrul anakwera pampando, mpandowo n'kulira. Analoza chala kumwamba, kwa dokotala wa mano ndi kupitirira. "Imvani nonse, Lachisanu lino, Mulungu ndi mboni! Chikho ichi chidzatuluka pakhomo ili pa zifukwa ziwiri zokha: ine nditagonja pamsewu, kapena ine nditafa!"

Lesitilanti inagwedezeka. Wina anaimba mluzu, wina anamenya supuni pa kapu. A Sapawi anadikira phokoso lithe, n'kubwereza mawuwo pafoni limodzilimodzi, osasiyapo ngakhale "Lachisanu lino".

"Ati mawu okoma. Awalemba pa zikwangwani."

Posakhalitsa kumzikiti kunamveka kuitana. Madalaivala anatsuka m'manja, analipira, n'kutuluka akukangana za amene adzanyamule ng'oma. Aliyense podutsa ankawagwira a Badrul paphewa. Womaliza atangopota pakona, a Badrul anatsika pampando mwendo umodziumodzi, anatsitsa chitseko chachitsulo mpaka theka, n'kusuzumira kunja mbali zonse.

Kenako anatenga chikho pa shelefu. Pamene chinakhala panatsala bwalo loyera pakati pa fumbi. Anachifungatira kamphindi ngati khanda, n'kuchiika m'katoni okha.

"Alamu," ananong'ona. "Tengani."

"Nditenge chiyani?"

"Chikho. Dzerani khomo lakumbuyo. Mukawauze kuti ndachipereka chifukwa chokonda ana. Kapena kuti chabedwa. Kapena kuti dokotala wandiletsa."

"Dokotala uti? Wa mano?"

"Aliyense!"

"Simunapiteko."

"Alamu, ndikupemphani. Inu ndi ine ndife banja limodzi. Mukufuna mlongo wanu akhale wamasiye?"

"Ayi. Amalira moipa."

"Ndiye nyamulani katoni muzipita. Si chimene munadzera?"

"Ndi chimenecho."

"Nanga mukudikira chiyani?"

A Sapawi anawerama, anatulutsa chikho m'katoni mosamala, anachipukuta ndi mkono wa malaya, n'kuchibwezera pa shelefu, pakati penipeni pa bwalo loyera lija.

"Mwagonja pamsewu?"

"Ayi, koma..."

"Mwafa?"

"Mukundiona ndili chiimire!"

"Ndiye sichingatuluke. Mwalumbira Lachisanu, pamaso pa Mulungu ndi madalaivala. Ine sindingakuthandizeni kuchimwa, tikupita kumzikiti pompano."

"Anali mawu chabe, alamu! Munthu amalankhula!"

"Eya, ndipo ine ndimamva."

"Ndinati pakhomo ili! Lakumbuyo sindinalitchule!"

A Sapawi anaima. Anayang'ana khomo lakutsogolo, anayang'ana lakumbuyo, milomo ikuyenda. Mtima wa a Badrul unadumpha: kwa nthawi yoyamba chikwatireni m'banja limeneli, kuuma mutu kwa munthuyu kukanawapulumutsa.

"Zoona," anatero a Sapawi. "Lakumbuyo simunalitchule."

"Ehe! Mwaona?"

"Koma kumbuyoko njinga yanga kulibe. Ili kutsogolo."

"Muzungulire!"

"Ndizungulire n'kukafika pamene ndinali kale? Zimenezo ndi zanu akatswiri, alamu. Ine ndine telala."

A Badrul anadzigwetsa pampando, thukuta lili kamukamu, malaya atamatirira kumsana.

"Ndiye ndichite chiyani ine?"

A Sapawi anakulunga tepi mwaudongo, anakankhira katoni pansi pa shelefu ndi phazi, n'kuwasisita alamu awo paphewa mwachikondi chenicheni.

"Musadandaule. Loweruka likudzalo chimodzi mwa ziwirizo chichitika ndithu, chikho ndidzatenga madzulo ake. Ndipo ine sindidzakuvutitsaninso ndi tepi. Muyeso ndatengawu ukwanira zonse, suti ya mpikisano ndi nsanda yomwe."